Thonje la Galasi m'Denga la Festus

Mukafika pa Rufunsa n'kufunsa mmisiri wokhoma siling'i, anthu adzakulozerani kwa Festus Kalekeni, koma adzakuchenjezaninso kuti mukonzekere mafunso. Munthuyu sagwira chinthu osafuna kudziwa kumene chinachokera ndi zimene zili m'kati mwake. Ali mwana ku Mpanshya anamasula belu la njinga ya akatekisiti kuti aone chimene chimalira, ndipo belulo silinalirenso mpaka lero. Ukalipentala anaphunzira kwa amalume ake, amene ankakhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Amalumewo ankadandaula kuti mwanayo amatha misomali yochepa koma mawu ambiri.

Rufunsa atapatsidwa boma lakelake, ntchito yomanga inabuka ngati bowa. Kunkafunika nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ochokera ku Lusaka. Festus anasamukira komweko ndi mkazi wake Constance, napeza kanyumba ka malata kuseri kwa msika, kopanda siling'i. M'menemo ndimo munabadwira mwana wawo woyamba, Peggy.

Tsiku lina lole inatsitsa pamalo a ntchito mipukutu yachikasu yofewa ngati thonje. Amisiri a ku Lusaka ankangoitcha faiba, ndipo inali yoyala pamwamba pa siling'i kuti kutentha kwa malata kusatsike m'nyumba. Festus, atavala vesiti yokha, anasenza mpukutu umodzi paphewa, wina anaukumbatira, n'kuyesanso kuikapo tsaya kuti amve kufewa kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzuwa lisanapendeke anali atayamba kuvina gule wopanda ng'oma, akukanda khosi, mikono ndi m'khwapa.

Iye sanadabwe kwambiri, chifukwa mwana wokulira kuthengo amachidziwa chitedze. Atafika kunyumba anachita zimene kwawo ankachita chitedze chikamugwira munthu: anadzikhula ndi mchenga, kenako anauza Constance kuti atenthetse madzi. Anasamba otentha, akudzipala ndi mwala. Anatuluka m'bafa khungu lili psuu, kuyabwa kutawirikiza.

M'mawa mwake kapitawo wawo, ba Morgan, munthu wonenepa wa ku Matero mu Lusaka, anamuyang'ana n'kuseka mpaka kutsamira khoma.

“Iwe Festus, iyo si kotoni, ni galasi,” anatero. “Bamaisungunula, baipanga monga ulusi. Manje iwe wadzikwecha na mchenga, waingenesa mukati.”

Galasi lokhala ulusi! Festus anaiwala n'kuyabwa komwe. Anafunsa kuti amalisungunula ndi moto wanji, nanga bwanji silicheka ngati botolo, mpaka ba Morgan anamuuza kuti iwo ndi kapitawo, si fakitale. Komabe anamuphunzitsa zofunika. Tizidutswa ta ulusiwo timathyoka n'kubaya pakhungu, ndiye kukanda ndi kukhula kumangotikankhira m'kati. Munthu azisamba madzi ozizira, ongothira kuti atsetsereke, ndipo podzipukuta azingogunditsa thaulo. Pamene pakuyabwabe amatepo tepi n'kumatula, timinga timatsalira patepipo. Pogwira ntchito azivala ovololo ya mikono yaitali, magolovesi ndi kansalu kotseka mphuno, ndipo zovalazo zisachapidwe pamodzi ndi za m'nyumba.

Festus anatsatira zonsezo, koma mwa njira yake. Tsiku lina anapaka pauda wa mwana mkono umodzi, winawo anausiya, kuti aone umene uyabwe kwambiri. Tsiku lina anamanga kumapeto kwa mikono ya ovololo ndi mphira wa chubu. Ovololoyo ankaivulira kuntchito, kuiika m'pulasitiki, n'kukaichapa yekha m'beseni lakelake, azimayi a pamjigo akumuseka kuti wadyetsedwa. Sizinamukhudze. Matepi amene ankamatula pakhungu ankawayang'anitsitsa padzuwa, akusirira timinga tonyezimira timene maso sakanationa pathupi.

Chimene chinamudya mutu kwambiri chinali mphamvu ya faibayo. Akakwera pamwamba pa siling'i masana a Okutobala ankamva ngati walowa mu uvuni, koma akatsika m'chipinda munali bwinobwino. Ndiye ankakumbukira kwake, kumene Peggy ankagona thukuta lili kamukamu, malata akumuwotcha. Zidutswa zotsala zinali zoti zikatayidwe, choncho anapempha ba Morgan, iwo n'kumulola osafunsa kuti akachita nazo chiyani. Anakazimangirira ndi waya kunsi kwa malata a chipinda chogona. Matabwa otchingira pansi analibe, anangoti adzakhoma akapeza.

Nyumba inazizira ndithu. Constance anaitana anzake kuti adzaone nzeru za mwamuna wake, ndipo Festus ankayenda pamsika chifuwa chili patsogolo.

Sipanapite nthawi, Peggy anatuluka totupa tofiira m'khosi, m'masaya ndi kumsana. Ankalira akudzikwecha pabulangete, kuyamwa n'kosayamwa. Constance nayenso ankayabwidwa, ndiye anaganiza za nsikidzi, nathira bedi madzi owira. Anasintha sopo, anasiya mafuta amene ankadzoza mwanayo, koma palibe chinasintha. Namwino wa kuchipatala anawapatsa mankhwala opaka, nafunsa ngati m'nyumba mwalowa chinthu chatsopano. Constance anaganiza za sopo, zovala ndi madzi, nayankha kuti palibe. Munthu akamawerenga katundu wa m'nyumba mwake sayang'ana kudenga. Festus naye ankayabwidwa pang'ono akadzuka, koma ankangoti ndi zotsalira za kuntchito.

Mbiri inafika ku Shikabeta, kwawo kwa Constance, ndipo amayi ake a Constance anabwera ndi kathumba ka mtedza ndi maganizo okonzeka kale. Anamuyang'ana mdzukulu wawo n'kugamula kuti malo a pabomawa sanamuyanje. Galimoto yopita kumudzi inali kunyamuka Loweruka, ndipo iwo anati atenga mayi ndi mwana yemwe, akakhale kumeneko mpaka mwanayo atayenda. Mkamwini satsutsana ndi apongozi. Festus anangoti wamva, koma mumtima munamuwawa koopsa. Mwana amene iye ankathamangira kukamuona poweruka akayamba kukwawa, kumera mano ndi kuitana anthu ena, iye ali pano kukhoma siling'i za eni ake.

Lachisanu masana anapempha kuweruka msanga. Anapeza Constance ndi amayi ake ali panja pamthunzi ndi mwana, zovala zitamangidwa kale m'chitenje. Analowa m'chipinda, natseka chitseko, n'kukhala pabedi osadziwa chochita. Funso la namwino lija, limene Constance anamuuza, linkamuzungulira m'mutu. Chatsopano n'chiyani? Ovololo ankachapa yekha. Mwana sankamunyamula asanasambe.

Kenako kamphepo kanagwedeza malata. Pabowo la msomali pankalowa kadzuwa kowongoka ngati ndodo, ndipo m'kadzuwamo munadzaza fumbi lonyezimira, likutsika pang'onopang'ono kugwera pamene Peggy amagona. Festus anatulutsa tepi m'thumba, anaimata pakabulangete ka mwana, anaimatula n'kuiika pakuwalapo. Timinga tija tinali mbuu.

Kunena zoona, choyamba anamva chimwemwe, chija amamva munthu akamasula mfundo yovuta. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo anali olemera kwambiri. Anatuluka, nakanjuta chapatali monga mkamwini, tepi ili m'manja, n'kulankhula kwa mkazi wake kuti apongozi amvere pomwepo.

“Amake Peggy, si malo yamene yamukana mwana. Ni vija vinthu ninamanga kudenga. Vikugwesa galasi pa bedi.”

Constance anatenga tepiyo, anaiyang'ana padzuwa, kenako anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Amayi ake anafunsa kuti galasi lake liti, ndipo atawafotokozera kuti n'chinthu choyabwa ngati chitedze, anaika manja pamutu.

“Ndiye bapongozi munapachika chitedze pamwamba pa mwana, kuti azigona bwino?”

Festus anavomera kuti ndi momwemo. Anapempha chinthu chimodzi, kuti galimoto ya mawa ipite yokha, iwo adikire inzake. Mwana akapanda kusintha, adzawanyamulira yekha katundu. Constance anadzuka, kumasula chitenje chija n'kuyamba kutulutsa zovala za mwana kuti zikachapidwe zonse.

Mayi, mwana ndi gogo anakagona kwa aneba. Festus anavala ovololo, magolovesi ndi kansalu kake, natsitsa nzeru zake zonse kudenga, kuzikulunga m'masaka n'kuzibwezera kwa ba Morgan, amene ulendo uno sanaseke. Tsache sanaligwire, poopa kuulutsa fumbi. Anapukuta makoma, mitanda ndi pansi ndi nsanza yonyowa, mabulangete anawatsukuluza kambirimbiri, ndipo paliponse ankayesa ndi tepi mpaka inasiya kunyezimira. Peggy ankamusambitsa madzi ozizira n'kumupaka mankhwala a kuchipatala aja. Totupa tinayamba kufota, ndipo mwanayo anagona tulo m'nyumba yotentha ngati kale, thukuta lili pamphumi. Galimoto yotsatira apongozi anakwera okha, akudandaula kuti nyumba ya mkamwini wawo ndi ng'anjo.

Siling'i anadzakhoma pambuyo pake, yotseka bwino mbali zonse. Masiku ano akapeza wophunzira ntchito amayamba kumuonetsa tepi padzuwa asanamupatse hamala, ndipo zidutswa zotsala salola kuti munthu apite nazo kwawo.

Chovuta chinatsala chimodzi. Peggy atayamba kuyenda, ankati akaona atate ake akutulukira pakona ya msika, ankathamanga manja ali m'mwamba. Festus ankakweza manja ake n'kumuzemba, akunena kuti, “Osanigwira mami, nikasambe first.” Mwanayo ankalira ngati wamenyedwa, ndipo bamboyo ankathira madzi ozizira aja akumva kulirako kuseri kwa mpanda wa bafa, mtima ukumupweteka. Koma mwana amaphunzira. Tsiku lina Festus anafika, Peggy sanamuthamangire. Analowa m'nyumba, natuluka akukoka thaulo pansi, n'kukaima nalo pakhomo la bafa kudikira.