Kadontho Kamene Kanakana Kupukutika

Pasukulu paja onse ankawatcha Mayi Kansalu, chifukwa kansalu kachikasu sikankachoka paphewa pawo. Anasesa ndi kukolopa pamenepo zaka makumi awiri ndi zitatu. Amuna awo ankadandaula kuti kunyumba ukangoika kapu patebulo, umaipeza yatsukidwa tiyi usanamalize. Chuma analibe mayiwa, koma ankanyadira chinthu chimodzi: m'chipinda chimene adutsamo simutsala fumbi.

Chaka chimene mayiwo ankayembekezera kupuma pantchito, aphunzitsi a sayansi analowa m'gulu lofufuza miyala ya mumlengalenga. Akatswiri ankawatumizira pakompyuta zithunzi zinayizinayi za malo amodzi akumwamba, zojambulidwa motsatizana. Nyenyezi zimakhala pomwepo m'zithunzi zonse, koma kadontho kakasuntha, mwina ndi mwala wozungulira dzuwa. Miyezi itatu inatha osapeza kanthu.

Lachitatu lina m'mawa, mayiwo akukolopa pansi pa matebulo, anamva aphunzitsiwo akuuza ahedi uku akuloza pagalasi la kompyuta: "Aka? Ndi fumbi chabe. Masiku ano muno simukupukutidwa bwino."

Mawuwo anawalasa mumtima. Kukalamba pantchito n'kutsanzika ndi mbiri ya uve? Anatsamiritsa mopu kukhoma.

"Pepani aphunzitsi, fumbi lake liti?"

"Musadandaule mayi, tonsefe maso amatopa."

"Ayi, ndionetseni."

Anapukuta galasilo kamodzi, kawiri, kachitatu anachita kuuzirapo mpweya. Kadontho kali pomwepo.

"Taikani chithunzi chinacho," anatero ngati ahedi ndi iwo. Kadontho kanasendera pang'ono kumanzere. Pachithunzi chachitatu kanasenderanso. "Ine fumbi ndalimbana nalo moyo wanga wonse, bambo. Loyenda lokha m'kati mwa galasi sindinalionepo."

Aphunzitsi anavula magalasi awo n'kuwavalanso, kukamwa kuli yasa. Ahedi anaseka mpaka kugwira mpando.

Aphunzitsi anadziwitsa akatswiri aja za kadonthoko, ndipo patapita milungu ingapo yankho linafika. Unalidi mwala, wosadziwika kale, umodzi mwa miyandamiyanda yoyenda pakati pa mapulaneti a Mazi ndi Jupita. M'mimba mwake ndi makilomita awiri, ndi wakuda ngati khala, ndipo umatha zaka zinayi ndi theka kuti uzungulire dzuwa kamodzi. Anangoupatsa kaye nambala, poti dzina limabwera patapita zaka.

Aphunzitsiwo, tiwayamikire, sanabise manyazi awo. Anapepesa pamsonkhano wa antchito onse, ndipo pandandanda wa amene anaona mwalawo analemba dzina la mayiwo poyamba. Mayi Kansalu analira, misozi n'kuipukuta ndi kansalu komweko.

"Ndiye ndibwereke makwerero mukaupukute?" anafunsa amuna awo kunyumba.

"Yambani mwapukuta nsapato zanuzo."

Tsiku lotsanzikana anawapatsa chithunzi chija chili m'felemu, ndipo anachipachika pabalaza. Nyenyezi zili mbuu, kadontho kali pakona. Mlendo akasuzumira n'kunena kuti, "Pagalasipa pali kachitsotso," mayiwo amachotsa kansalu paphewa n'kumupatsira.

"Tayesani kukachotsa."