Thunthu la Nthochi Limene Sitinaliike M'manda

Achimwene anga anatengedwa ndi anthu a galimoto yopanda nambala, chaka chija tinayamba kunong'onezana za zipani zambiri. Tinkakhala ku Ching'ambo. Tinafunsa paliponse, osamva kanthu.

Amayi anapita kwa mneneri wina wa ku Mchengautuwa, wa mkanjo woyera ndi ndodo. Ine ndinawaperekeza, ngakhale munthuyo sindinamukonde chimuonereni. Anatsinzina nati, "Amama, musadandaule chomene. Mwana wanu ali moyo. Adzadya nanu mondokwa chaka chino."

"Yewo, adada," anathokoza motero amayi, akulira. Tsiku limenelo anayambanso kudya.

Bambo anali mkulu wa mpingo, okonda kuwerenga za malamulo a Ayuda. Anandifotokozera kuti kwa Ayuda, mneneri akalosera tsoka koma osachitika, sanali wabodza ayi, poti anthu akalapa Mulungu amaleza mtima. Koma akalonjeza zabwino m'dzina la Mulungu, zimayenera kuchitika basi. Zikapanda kutero, ameneyo ndi wonama, ndipo kale chilango chake chinali imfa.

Mondokwa tinadya tokha. Chimanga chinauma, tinakolola. Voti ya zipani zambiri inachitika, andende anamasulidwa, othawa kwawo anabwerera. Amayi ankakaima pa depoti kuyang'ana aliyense wotsika basi. Ine mtima unkandiwawa, ndipo ndinkafunitsitsa kukamuthyolera ndodo ija pamsana mneneri uja.

Kenaka amalume anabwera kuchokera kumudzi. Anati tiike thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, tilire maliro, mzimu wa mwanayo ugone. Thunthulo anali atadula kale kuseri kwa nyumba. Amayi anakana. Onse anatembenukira kwa bambo kuti agamule, poti lamulo ankalidziwa ndi iwowo.

Amayi anawayang'ana m'maso. "Mukanena kuti munthu uja ndi wabodza, mwana wanga mwamupha ndinu."

Bambo anasisita bondo. Kenaka anati, "Mwina sitinamvetse chaka chake. Tidikire."

Ndinali ndisanawamvepo akukhotetsa mawu a Mulungu chibadwire, ndipo ndinachita mantha. Amalume atapita, ndinawapeza bambo akukokera thunthu lija kudzala.

"Bambo, nanga lamulo lija?"

"Ndi wabodza," anatero osandiyang'ana. "Amako asamve."

Amayi anamwalira akudikirabe. Achimwene alibe manda mpaka lero.