Ukonde Wong'ambikadi pa Siteji

Ine zisudzo sindizikonda, chifukwa anthu amalira maliro popanda womwalira. Amene adandilowetsa mu holo ya kuno kugombe ndi neba wanga, mkulu wosoka maukonde.

Mkuluyu amakhala pakhonde tsiku lonse, ukonde ataukola kuchala chachikulu cha phazi, ulusi uli pakamwa. Salankhula zambiri. Ukamudandaulira vuto lililonse amangoti, "Bowo silidzitseka lokha."

Mwezi watha mwana wake wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, adaonetsa sewero lake loyamba pamaso pa alendo osankha gulu lopita kumpikisano. Mkuluyu adapatsidwa mbali yochepa: asoke pang'ono, belu likalira achoke. Cholakwa chidali kumupatsa ukonde wong'ambikadi.

Belu lidalira, koma mkulu sadasunthe.

"Bambo, tulukani," adanong'ona mwanayo kuseri kwa katani.

"Latsala pang'ono, mayi," adayankha mokweza, holo yonse n'kumva.

Sewero lidapitirira iye ali pomwepo. Pofika pa gawo la ukwati, mkwati ndi mkwatibwi adachita kulumpha ukonde, iye n'kuti, "Ponda bwino, mkamwini, wadodoma chiyani?" Anthu adaseka mpaka misozi. Mwana wake adagwira kumutu, poganiza kuti mpikisano wamudutsa.

Koma alendo aja adasankha sewero lomwelo, bola wosoka uja asachotsedwe. Mkulu adavomera, nayenso n'kuika lamulo lake: usiku uliwonse wa sewero azimupatsa ukonde wobooka zenizeni, chifukwa wabwinobwino sangausoke.

Tsopano asodzi tonse tili pamzere ndi maukonde athu obooka. Wanga ukwera siteji Loweruka.