Kabokosi ka mu Lole Kananditsutsa

Ndivomere lero: ngozi ya lole ija pa Shimabala sindinaione. Pamene inkagwera m'ngalande n'kugumula mpanda wa ba Phiri, ine ndinali nditawerama pa tebulo langa, ndikusankhira kasitomala tomato wa mbasela. Ndinangomva phokoso.

Koma atabwera bambo wa inshuwalansi n'kufunsa amene anaona, dzanja langa linakwera lokha. Anthu anandizungulira, ine n'kumva kukoma. Ndinati loleyo inkathamanga ngati ndeke, dalaivala osaponda n'komwe mabuleki. Ndinachita kusonyeza ndi manja mpaka chitenje chinamasuka.

Patatha sabata bamboyo anabweranso ndi dalaivala uja, amene anali atamuimitsa ntchito chifukwa cha pakamwa panga.

"Amai, mu lole muli kabokosi kamene kamalemba liwiro na mabuleki," anatero. "Kaonetsa kuti anali kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mabuleki anaponda. Imwe munaona chani?"

Ndinayang'ana dalaivala, kenako ndinayang'ana zala zanga za kumapazi.

"Tomato," ndinayankha.

Ntchito anamubwezera. Masiku ano akamadutsa amaliza hutala, mutu uli pawindo, n'kundipatsa moni: "Ba Ndeke, muli shani?" Ine ndimangomuthamangira ndi mbasela.