Makiyi Ali ku Blantyre

Bambo anga ndinachita kuwakakamiza kuti achoke kumudzi. Matenda othamanga magazi anali atawagwetsapo kale kumunda, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinawauza kuti ku Zomba chipatala chili pafupi, abwere adzakhale nafe. Anakana kangapo, kenako anatulukira ndi kachikwama ka zovala ndi wailesi yawo.

Nyumba yathu ili kuseri kwa Matawale, chakumtunda, kumene zaka zapitazo kunali minda ya chimanga. Mapuloti anagulidwa molimbirana, aliyense n'kumanga mpanda wa njerwa mpaka pamene malire ake athera, msewu n'kutsala ngati mpita wa mbewa. Eni nyumbazi ambiri amagwira ntchito ku Blantyre, amuna anganso chimodzimodzi. Amalawirira kukakwera minibasi, kubwera dzuwa litalowa. Kuno amangogonako.

Pamene msewu wathu ukumana ndi wa tala pali khwawa. Panali kalavati, koma mvula inakokolola. Misonkhano tinachita mpaka kutopa, Lamlungu masana pansi pa mtengo wa mango. Ku ofesi ina ankati dera lathu silinalowe m'mapulani a mzinda, kwina ankati ndalama za chitukuko zapita kale kwina, tidikire chaka chamawa. Tikati tisonkhe tokha, mabwana a magalimoto ankati amadula kale msonkho, sangalipire kawiri. Iwo anali atapeza nzeru yawo: magalimoto ankagona kutsidya pabwalo lolondedwa, eni ake n'kumawoloka pa matabwa awiri, nsapato zili kumanja. Ine ndinkalankhula mpaka mawu kusasa, ndikuwauza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ankangoti mayi uyu ndi wolongolola.

Tsikulo linali la pakati pa sabata, dzuwa lili paliwombo. Ndinkasoka mayunifolomu pakhonde, poti ine ndine telala wapakhomo. Ndinamva kapu yagwa m'nyumba. Polowa ndinapeza bambo ali pansi pafupi ndi mpando, pakamwa patakhotera mbali imodzi, maso ali pa ine.

"Ababa! Ababa, mukundimva?"

Anayesa kuyankha koma panangotuluka malovu. Ndinachita mantha.

Ndinaimbira amuna anga. Anali ku Limbe, ndipo anati akunyamuka pompano, ngati Limbe ndi kuseri kwa bafa. Ndinaimbira wa takisi amene timamudziwa.

"Mayi, ine ndifika pakhwawa paja basi," iye anatero. "Kumtundako galimoto singadutse, mukudziwa nokha. Mubwere nawo."

"Ndibwere nawo bwanji, achimwene? Ndiwabereke?"

"Itanani anthu akuthandizeni."

Anthu ake ati? Ndinatuluka wopanda nsapato. Geti loyamba, loko. Lachiwiri, anayankha ndi agalu. Ndinatola mwala n'kumamenya mageti motsatana, ndikukuwa ngati wamisala. Ana anali kusukulu, makolo kuntchito. Nyumba zokongola zonsezo, za matailosi ndi matanki a madzi pamwamba, zinangoti zii.

Kuseri kwa geti lina lobiriwira kunamveka mawu a mzimayi. Anali wantchito wapanyumbapo. Nkhope yake sindinkaidziwa, ndinkangomumva akuimba nyimbo za kwaya akamachapa.

"Ndani? Kwagwanji?"

"Achemwali, bambo anga agwa! Tulukani tithandizane kunyamula!"

Ndinamva akugwedeza geti m'katimo.

"Amayi, ine abwana amandikhomera m'kati muno akamapita. Makiyi ali ku Blantyre."

Ndinatukwana. Ndinatukwana getilo, eni ake, khwawa, ndi onse amene ankandiseka pansi pa mango paja. Ndinangomva chitsulo chikukwekwerezeka pansi, kenako pamwamba pa mpanda, pakati pa mabotolo oswa amene anamatidwapo poopseza akuba, panatulukira tayala la wilibala. Mayi uja anaikankha mpaka inagwera kunja ndi chiphokoso. Dzanja lake ndinaliona kamodzi kokha, likuchucha magazi.

"Muyalemo bulangete, mutu ukhale chakumwamba. Thamangani, amayi!"

Kukweza munthu wamkulu m'wilibala uli wekha si masewera. Ndinaigoneka cham'mbali pabalaza, n'kuwagubuduzira bambo pa bulangete, n'kuidzutsa ndi mphamvu zimene mpaka lero sindidziwa kumene zinachokera. Bambo anga, mkulu wa mpingo kwawo, munthu amene sankatuluka m'nyumba osavala jekete, anali m'wilibala ya simenti miyendo ikulendewera. Manyazi ndinawaona m'maso mwawo, ndipo ndinayang'ana kumbali.

Msewu wathu ndi wotsetsereka, wodzaza miyala ndi maenje okumbidwa ndi madzi. Wilibala inkandikoka, ine n'kumaibweza ndi msana. Tayala likagunda mwala mutu wawo unkagwedezeka, ine n'kumati pepani ababa, pepani. Pena mipanda inapanikizana moti zigongono zanga zinkakhula njerwa. Ndinkamvetsera mpweya wawo kuposa china chilichonse, poti unkati ukamveka n'kusowanso. Njira yonseyo sindinakumane ndi munthu ngakhale mmodzi.

Pakhwawa takisi inali kutsidya, chitseko chili chotsegula. Matabwa aja anali ndi mpata pakati, woti tayala la wilibala n'kulowamo, ndipo pansi panali miyala ndi mabotolo. Ndinaima pamenepo. Amayi awiri ogulitsa tomato m'mbali mwa tala anandiona, anasiya malonda awo n'kuwoloka, dalaivala ali pambuyo pawo. Panalibe wofunsa mnzake dzina. Aliyense anagwira ngodya yake ya bulangete, awiri akutsogolo n'kumayenda chafutambuyo. Titafika pakati matabwa anapinda, limodzi n'kulira.

"Osayang'ana pansi!" anakuwa mmodzi wa amayi aja. "Tiyeni, tiyeni, pang'onopang'ono!"

Tinawoloka. M'takisi mutu wa bambo unali pamiyendo panga, ndipo ndi pamene ndinaona kuti mapazi anga achekekachekeka.

Kuchipatala adokotala anafunsa nthawi imene bambo anagwa. Nditawauza anayang'ana wotchi, kenako ine.

"Mwachokera nawo kutali, mayi?"

"Ayi, konkuno."

Anangotembenukira kwa bambo, koma mtima unandipweteka ngati andikalipira.

Bambo sanamwalire. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka mpaka kalekale, mawu anabwerera pang'ono, olemera. Tsiku lotuluka m'chipatala amuna anga anali atapangana kale ndi anthu oti akawawolotse pakhwawa, ine nditakonza chipinda chawo, wailesi nditaikamo mabatire atsopano. Ndikuwaveka malaya pabedi, anandigwira mkono ndi dzanja lamanzere.

"Mwanawe... kumudzi."

"Ababa, kumudzi chipatala chili kutali. Nanga mukakagwanso?"

Anavutika nawo mawuwo, koma anawamaliza.

"Kumudzi... ukakuwa... amabwera."