A Dontho ndi Mafuta a Akazi Awo

Anthu ankawatchula kuti a Dontho, chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa kabotolo ka oyilo. Chitseko chikalira, dontho. Wilibala ya aneba ikalira, dontho, osapemphedwa n'komwe. Atapuma ntchito yaumakaniko, anakokera pakhomo galimoto yakalekale ya malemu bambo awo n'kuphwasula injini yonse.

Kumanga anamaliza chaka chomwecho. Kuiliza ndiye ayi. Zaka zisanu ndi ziwiri, abale inu, munthu akungoizungulira ngati nkhuku yosowa poikira! Mantha awo anali amodzi: injini yomangidwa kumene ikalira oyilo asanafike m'kati monse, zitsulo zimadyana zouma, ntchito yonse n'kuthera pomwepo.

"Mawa," ankatero.

Akazi awo anatopa nawo mawawo. "Bambo, ndapangana ndi wogula zitsulo. Loweruka akubwera ndi lole. Ikapanda kulira, ikupita pasikelo."

A Dontho anapita kukaisisita galimoto ija. Pagalimoto imeneyo m'pamene anaphunzirira kugwira sipanala ali mwana. Kenako anakumbukira nzeru ya bambo awo: pampu ya oyilo uziidzaza mafuta odzola olimba aja, kuti ikangozungulira iyamwe oyilo msanga. M'nyumba monse mafuta otere anali botolo limodzi, la akazi awo, lonunkhira maluwa, lopaka ming'alu ya m'zidendene. Analowa kuchipinda monyang'ama n'kulikomba ndi chala mpaka pansi.

Loweruka lole inafikadi. A Dontho anapotoza kiyi atatsinzina. Kho, kho, kho, vuuu! Singano yoonetsa oyilo inadzuka. Munthu wamkulu ndi ndevu zake analira misozi chifukwa cha chimwemwe.

Koma injini itatentha, pabwalo ponse panayamba kununkhira maluwa.

"Galimoto yanuyi yadzola, ikupita kukafunsira?" anafunsa wogula zitsulo.

Mayi ananunkhiza kawiri, n'kugwira m'chiuno. "Ohoo! Mafuta anga anathera muno? Masiku atatu ndikuyenda ngati ndaponda minga, inu muli chete!"

"Mayi, mundimvetse. Chinthu chakale chikauma chimawonongeka."

"Eya, mwanena nokha. Chitseko mumachimva. Wilibala ya eni ake mumaimva. Ine ndalira zaka zingati m'nyumba muno?"

A Dontho anayang'ana pansi, ndipo pansipo anaona zidendene za akazi awo, zong'aluka mbali zonse. Manyazi anawagwira. Anathimitsa injini imene anaidikira zaka zonsezo, n'kuuyamba wapansi wa kugolosale. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Atabwera ndi botolo latsopano, anawakhazika mayi pampando wa pakhonde, iwo n'kugwada, aneba akusuzumira pampanda. Anatapa pang'ono ndi nsonga ya chala monga mwa chizolowezi chawo.

"Dontho lokha ayi, bambo," anatero mayi akutambasula phazi linalo. "Injini ija munaidzaza."