Majekete a Abdulwahab

Mayi Saida amagulitsa kaunjika pamsika wa Liwaladzi, ndipo ine ndimayala nsapato pambali pawo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi akhala akuchita chinthu chimene chinkandinyansa kwambiri.

Mwera ukayamba mu Juni, asodzi amafuna majekete olemera, aubweya mkati, kuti mphepo ya panyanja isawalowe m'mafupa. Malonda amayenda nthawi imeneyo basi. Koma belo likangodulidwa, mayiwa ndiwo amayamba kusankha. Jekete labwino koposa amalipinda n'kuliponya m'chikwama.

"Mayi, ndimafunatu lomwelo," amadandaula asodzi.

"Lili ndi mwini wake."

Mwini wakeyo ndi mwana wawo, Abdulwahab, amene anapita ku Joni atavala kamalaya kopyapyala, akuti abwera chaka chamawa. Amaimba foni mwa apo ndi apo, koma chithunzi satumiza. Mayi Saida anamva kuti kumeneko kumazizira koopsa, komanso kuti anthu amadya nyama tsiku lililonse. Ndiye chaka chilichonse ankasankha jekete lokulirapo kuposa la chaka chatha.

"Anyamata amasiku ano amafuna zothina, zonyezimira, zolekeza m'chiuno," ndinawaseka tsiku lina. "Inu mukumusungira za agogo ake."

"Fashoni sitenthetsa thupi, achimwene," anandidula.

Mwezi watha kunabwera Eston, mnyamata wa ku Dwangwa amene amayendetsa thiraki yopita ku Joni. Anati anakumana ndi Abdulwahab, natulutsa foni kuti tione chithunzi chake. Jekete limene anavala linali lafashoni ndithu, lothina monga ndinanenera, koma linkamukhwepabe. Masaya atalowa, khosi lili ngati la nkhuku yodwala chitopa. Ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga kuja.

Mayi Saida anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Ine ndimayesa akudya," anatero chapansipansi.

M'mawa mwake anabwera ndi majekete onse asanu ndi limodzi. Anasankha la chaka choyamba, laling'ono koposa, n'kumupatsa Eston.

"Ngakhale ili limukulira, koma avale. Umuuze kuti kuno usipa sunathe."

Thiraki itanyamuka ndinaloza asanu otsalawo. Asodzi anali atayamba kale kuwagwiragwira.

"Nanga awa tiyale, mayi?"

Anawalanda m'manja mwa asodzi, n'kuwapinda limodzilimodzi.

"Ayi. Akabwera ndidzamudyetsa ndekha mpaka onsewa amukwane."